Pepala Lokulungira Mapiritsi

Pali chinthu chimene Kaduu sanauzepo munthu, ngakhale popemphera ankachilumpha. Iye ankadziwa chimene chinkatupitsa mimba ya bambo ake. Anali atachidziwa kwa masabata atatu, ndipo chinali m'chipinda mwake, chopindidwa kanayi pakati pa dikishonale ya kusukulu. N'chifukwa chake m'mawa umene azakhali ake anamenya mbale ya phala m'manja mwa amayi ake, Kaduu anangoima pakhomo la khitchini, maso ali pa phala loyenderera pasimenti.

"Simuwapatsanso kanthu achimwene anga ndi manja anuwo, alamu. Ndanena!"

"Nanga adye chiyani? Mphepo?"

"Bola mphepo, ilibe woithira zinthu."

Amayi anawerama n'kutola mbale ija. Anaipukuta ndi chala m'mphepete ngati kuti vuto linali fumbi. "Mwafika Lachiwiri, lero Lachinayi mwaona kale zonse. Ine zaka makumi awiri ndikuphikira munthu ameneyu. Ndikanafuna kumupha ndikanadikira mpaka imvi?"

"Galu wamkota sakandira pachabe. Mikono ngati bango, mimba ngati ng'oma. Kuchipatala akuti ndi mpweya. Mpweya wanji wosatuluka miyezi itatu? Mimba ya mwamuna situpa chonchi popanda wina kuikapo dzanja."

"Achemwali," anaitana bambo ali pakhonde, "phokosolo likundithamangitsira makasitomala."

Makasitomala ake panalibe. Bambo a Kaduu anali telala, ndipo mashini awo anali pakhonde pomwepo, koma masiku amenewo ankangosoka pang'ono n'kutsamira khoma. M'mawa uliwonse ankachotsa tepi m'khosi n'kudziyeza okha m'mimba.

"Dzulo mainchesi makumi atatu ndi asanu ndi atatu, lero yawonjezera theka," anatero akumwetulira. "Zikapitirira chonchi ndiyambe kusoka matewera. Mayi a Kaduu, mwana ameneyu timutcha ndani?"

"Musaseke, achimwene. Akukudyani mukuseka."

"Nesi wanga ali kuti? Nthawi yakwana. Ubwerenso undilowetsere ulusi, masowa lero ngati mwalowa mchenga."

Nesi wake anali Kaduu. Anamaliza sukulu chaka chathachi, ndipo popeza pakhomopo ndiye ankawerenga Chingerezi, ntchito ya mapiritsi a mtima a bambo inali yake: kukagula, kusunga, kumwetsa limodzi m'mawa ndi limodzi madzulo. Dzina la Kaduu anamupatsa ali wamng'ono, chifukwa alendo akamufunsa kanthu ankangokhala duu, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Kusukulu ankalemba bwino kuposa onse, koma tsiku lina atatchula mawu molakwika kalasi yonse inaseka mpaka aphunzitsi omwe, ndipo kuyambira pamenepo sanakwezenso mkono.

Anatenga piritsi loyera m'kabotolo, natunga madzi m'kapu. Bambo anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe, monga munthu amalandirira chinthu kwa mwana wake. Anameza. Kaduu anaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika, ndipo anamva ngati wameza ndi iye.

Mapiritsiwo anayamba kuwalandira kuchipatala zaka zitatu zapitazo. Kenako kumeneko anasiya kupezeka, ndiye ankawagula pa kasitolo ka mankhwala ka pamphambano, kwa bambo wina amene aliyense ankamutchula Adokotala. Udokotala wake unali jasi loyera basi, ndipo jasilo anasoka ndi bambo a Kaduu omwe. Adokotala sankagwiritsa ntchito timapepala tapulasitiki. Ankakulunga mapiritsi m'pepala lililonse limene lili pafupi: nyuzipepala yakale, tsamba la kope, kalendala ya chaka chatha.

Masabata atatu m'mbuyomo, pepala lokulungira linali ndi chidindo pakona. Kaduu, amene sankatha kudutsa zilembo osaziwerenga, analitambasula panjira. Linali theka lapamwamba la chidziwitso, long'ambidwa pakati. Dzina la mapiritsi a bambo linali pamzere woyamba. Atafika kunyumba anatsegula dikishonale n'kuyenda nalo liwu ndi liwu. Pepalalo linkanena kuti mapiritsiwo amagwira mitsempha imene imathamangitsa mtima, koma ofufuza apeza kuti ena mwa anthu amene awamwa nthawi yaitali amatupa nembanemba yokuta matumbo. Nembanembayo imakhuthala n'kuyamba kufinya matumbo ngati chovala chothina. Ogulitsa asiye kugulitsa. Odwala asasiye kumwa mwadzidzidzi, koma apite kwa dokotala akawasinthire.

Koma panali kaliwu kamodzi kamene Kaduu anakagwira ngati nthambi: mwina. Pepalalo silinanene kuti mapiritsi ndiwo amayambitsa, linati mwina ndiwo. Nanga atalankhula, n'kupezeka kuti wamasulira molakwika? Nanga atamuseka? Ndipo ngati zinali zoona, ndiye kuti dzanja limene azakhali ankalifunafuna linali lake lomwe.

Anayesapo kukonza zinthu mwakachetechete. Masiku awiri anawapatsa piritsi la mutu, loyera ngati lomwelo. Tsiku lachiwiri masana bambo anagwira pachifuwa, thukuta kamukamu, mtima ukugunda ngati ukufuna kuboola malaya. Kaduu anathamangira kabotolo. Zimenezonso sanauze munthu.

Sabata yotsatira azakhali analanda khitchini. Ankaphikira achimwene awo mu poto wawo, ndipo akapita kubafa ankamuika m'chikwama n'kutseka zipi. Koma bambo ankasanzabe. Akadya masipuni atatu, pakapita kanthawi zonse zinkabwerera mu beseni.

"Mwaona tsono?" anatero amayi. "Kapena inunso mukuthira?"

"Zinalowa kale. Chimene chinabzalidwa sichisiya kumera chifukwa wobzala wachoka m'munda."

Nkhani sichedwa kutuluka pa mpanda. Kumpopi, amayi akafika, azimayi anzawo ankasuntha zidebe zawo n'kuzivundikira. Mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankabwera kudzapempha mchere pafupifupi tsiku lililonse, mchere wake unayamba kumukwanira mwadzidzidzi. Mwana wina anapatsidwa nthochi ndi amayi a Kaduu, ndipo amake anamulavulitsa pamaso pawo.

Lachitatu la sabata yachiwiri azakhali anakhala pa mpando wa makasitomala, pafupi ndi mashini amene tsopano anali atavundikiridwa ndi nsalu.

"Ndalankhula ndi abale onse pafoni. Alamu apite kwawo Loweruka, akapume. Achimwene akachira, tidzadziwa. Akapanda kuchira, tidzadziwanso."

"Achemwali, mkaziyu ndinamupeza ndekha," anatero bambo ndi mawu ofooka. Anali atagona pa mphasa, mutu pa mtolo wa nsalu.

"Ndipo mwadwala nokha. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, tikudziwa. Koma ine ndinaika kale amayi athu m'manda, sindiika mlongo wanga ndikuyang'ana. Mundide, bola mundide muli moyo."

Mawu awo ananjenjemera pothera pake, ndipo Kaduu anaona kuti azakhali sankanamizira. Ankaopadi. Bambo anatseka maso. Analibe mphamvu zokangana, ndipo kukhala chete kwawo kunamveka ngati kuvomera.

Madzulo ake Kaduu anapeza amayi kuseri kwa nyumba akuchapa zovala zawo zonse nthawi imodzi, ngakhale zoyera kale.

"Tandigwirira uku tifinye," anatero amayi. Anapotokola nsalu, wina uku wina uku. "Iwe unapita kusukulu. M'mabuku anu aja simunawerengepo za matenda otere? Mimba kutupa, munthu n'kumaonda?"

Madzi ankadontha pakati pawo. Kaduu anapukusa mutu.

"Chabwino. Ndimangofunsa." Amayi anakung'untha nsalu ija n'kuiyanika. "Usalire. Kwathu si kundende. Chimene chikundiwawa n'chakuti akadzatisiya ndili kutali, anthu adzati ndinathawa. Iwe utsale uwasamale. Malaya uziwapatsa otakasuka. Ndipo mapiritsi aja usaiwale, mwanawe, ngakhale tsiku limodzi. Ndi okhawo akuwasunga."

Kaduu analowa m'chimbudzi n'kudziluma dzanja kuti asamveke.

Lachisanu m'kabotolo munatsala mapiritsi awiri. Anatenga pepala lija m'dikishonale, nalibisa m'thumba la siketi, n'kuyamba ulendo wa pamphambano. Njira yonse ankabwereza chiganizo chimodzi m'mutu kuti chisamuthawe.

M'kasitolo munali fungo la sopo ndi mankhwala opaka. Adokotala anali atavala jasi lawo, cholembera chili m'thumba la pachifuwa. Patsogolo pa Kaduu panali agogo ena aamuna a ndodo, akugula mapiritsi omwewo. Adokotala anatambasula dzanja kukhoma, kumene kunali msomali wobaya mapepala, nang'ambapo limodzi. Apa m'pamene Kaduu anaona bwino. Mtolo wonse wa pamsomalipo unali wa chidziwitso chomwe chija, mapepala ambirimbiri odulidwa pakati. Akuluakulu a zaumoyo anawatumizira kuti azigawira odwala, iwo n'kuwasandutsa zokulungira.

Agogo aja atatuluka, Adokotala anamwetulira. "Kaduu wa atelala! Akupeza bwanji mkulu wanga? Ndamva kuti kwanu kwavuta. Akazi enanso, ayi ndithu."

Kaduu anayala pepala lake pa kauntala, osalisiya. "Munaliwerenga ili?" Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mphaka, koma anatuluka.

Adokotala anayang'ana pepalalo, nayang'ana kukhomo. Kumwetulira kunatsalira pamilomo pokha.

"Ohoo, sukulu yayamba kubala zipatso. Tawerenga bwino, mwana wanga. Akuti chiyani apa? Akuti mwina. Mwina mawa kugwa mvula. Kodi umayenda ndi ambulera chaka chonse? Anthu a kafukufukuwa lero anena izi, mawa anena zina. Dzana ankati mazira ndi oipa, lero akuti idyani. Ine nditaye makatoni atatu chifukwa cha mwina?"

"Akuti musiye."

"Ndikasiya, bambo ako mtima uwaima. Ukufuna zimenezo? Pamzere wa kuchipatala ukaima ndiwe?" Anawerengera mapiritsi m'dzanja, nang'amba pepala lina pamsomali, nakulunga mwaluso n'kupinda nsonga. Kenako anatsamira kauntala, natsitsa mawu. "Ndikuuze ngati mwana wanga. Ukayamba kuyenda ndi pepalali, anthu sadzafunsa kuti anagulitsa ndani. Adzafunsa kuti ankamwetsa ndani. Ine sindinalowepo m'nyumba mwanu. Adzafunsanso kuti unadziwa liti. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza."

Anatambasula zala kuti atenge pepala la Kaduu. Iye analikoka msanga, natenga kamtolo ka mapiritsi, n'kutuluka osatsanzika. Anakakhala pa mwala kuseri kwa malo okonzera njinga.

Atamasula kamtolo kaja anapeza kuti ulendo uno anamukulungira m'theka lapansi. Panali mndandanda wa zizindikiro. Mimba kutupa ndi kulimba. Kusanza ukangodya. Kuonda. Zimenezi zikanatha kukhala matenda ena alionse. Koma mzere wotsiriza sanafunikire dikishonale: maso kuuma, osatulutsa misozi, kumva ngati muli mchenga.

Chaka chathunthu wakhala akuwalowetsera ulusi pa singano. Tsiku la maliro a agogo ake, bambo analira ndi mapewa okha, maso ali gwa, ndipo anthu ananong'onezana kuti ndi ouma mtima.

Nthambi ija ya mwina inathyoka pomwepo. Ndipo Kaduu anadabwa kuona kuti itathyoka sanagwe. Anaimirira, nakung'untha siketi.

Loweruka m'mawa chikwama cha amayi chinali pakhomo. Anthu awiri atatu anali ataima kumpanda, akunamizira kucheza. Amayi anagwada pafupi ndi mphasa ya bambo.

"Ndapita, bambo a Kaduu. Masokosi ali m'kabati yapansi."

Bambo anawagwira dzanja.

"Basi, minibasi sidikira," anatero azakhali. "Kuyambira lero mankhwalanso ndizipereka ndine. Iwe Kaduu, bweretsa botolo lija. Ali kuti mwanayu?"

Pakhonde panamveka mashini. Anali atakhala chete masabata awiri, ndiye phokoso lake linadzidzimutsa aliyense. Kaduu anali atachotsa nsalu yovundikira, nalumikiza mapepala awiri aja m'mphepete, ndipo ankapalasa pang'onopang'ono kuti singano isang'ambe. Atafika kumapeto anadula ulusi ndi mano monga amachitira bambo ake. Anabwera n'kuima pakati pa chikwama ndi khomo.

"Wapenga? Ino ndi nthawi yosewera ndi mashini? Bweretsa mapiritsi."

"Amayi sapita."

"Ukuti chiyani?"

"Amayi sapita, azakhali." Anakweza pepala lija kuti libise nkhope za anthu akumpanda. "Ndiwerenge kaye. Mukamva, muwathamangitse."

Anawerenga mzere uliwonse m'Chingerezi, n'kumaumasulira. Liwu lalitali la matendawo analitchula mokhota, analimva yekha kuti lakhota, koma panalibe amene anaseka. Ananena za mitsempha ya mtima, za ofufuza, za nembanemba yofinya matumbo. Ananena za msomali wa kwa Adokotala. Atafika pa maso ouma, bambo anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kukhudza chikope chawo.

Azakhali anali atapinda manja. "Tabwereza paja. Wati mapiritsiwa ndiwo amayambitsa?"

"Akuti mwina ndiwo."

"Mwina! Mwamva, anthuni? Tisiye zimene tikuona ndi maso chifukwa cha mwina wa pa pepala lokulungira?"

Kaduu anamva manyazi akale aja akubwera, kutentha kuyambira m'makutu. Anakanda pansi ndi chala cha kuphazi kamodzi, kenako analeka.

"Anthu amenewa anaona odwala ambirimbiri, anawayeza, anawang'amba m'mimba n'kuona ndi maso, koma akuti mwina, chifukwa akuopa kunamizira piritsi. Piritsi, azakhali, lopanda ana, lopanda kwawo. Inu mwaona chiyani m'manja mwa amayi? Mwapeza chiyani m'khitchini? Koma simunanenepo mwina ngakhale kamodzi."

Kumpanda wina anatsokomola. Azakhali anayang'ana mlongo wawo, nayang'ana beseni la pambali pake, beseni limene linkadzazabe ngakhale ankaphika okha. Manja aja anamasuka n'kugwera m'mbali.

"Ndiye titaye mapiritsiwo," anatero ndi mawu ena, otsika.

"Ayi. Akuti osasiya mwadzidzidzi, mtima ungavute. Tipite nawo kuchipatala lero lomwe, ndi pepalali, ndi botolo lomwe. Akatiuza za mpweya, ndiwawerengera. Akakana kumva, ndiwerenganso. Ndipo agogo aja a ndodo, okhala kuseri kwa chigayo, akumwa omwewa. Wina akawauze."

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero bambo, akuyesa kudzuka. "Ndigwireni. Mayi a Kaduu, chikwama mwalongedza kale, chotsanimo zanu zina muikemo zanga. Minibasi yomweyo itinyamule." Anapuma kaye, akuwefuka. "Jasi lija ndinasoka ndine, ndi matumba atatu. Ndikachira ndikalisomola ulusi umodziumodzi, ali chivalire."

Amayi anafuna kuseka koma kunatuluka kulira. Azakhali anawerama n'kugwira bambo mkono wina, amayi mkono wina, osayang'anana. Anawakhazika pa mpando.

"Tandipatsa ndione," anatero bambo.

Kaduu anawapatsa pepala lija. Chingerezi sankachidziwa, ndiye analiona monga telala amaonera chovala. Anayendetsa chala pamsoko, nagwedeza mutu kuti wawongoka. Kenako analitembenuza, nalipenyetsetsa ndi maso awo ouma aja, kumtunda ndi kumunsi.

"Nsalu ziwirizi si za tsiku limodzi," anatero. "Yapansiyi ndi yatsopano. Koma yapamwambayi yapindidwa ndi kutambasulidwa mpaka yatha m'mizere. Nesi wanga, wakhala nayo nthawi yaitali bwanji?"

Akanatha kunena kuti dzulo. Akanatha kunena kuti analitola lili lothaitha kale. Aliyense akanakhulupirira, chifukwa Kaduu sankadziwika ndi bodza, ankadziwika ndi kukhala chete. Anayang'ana amayi ake, amene anali atagwada pa chikwama, zipi ili m'manja. Anakumbukira nsalu ija ankafinya awiri, madzi akudontha pakati pawo.

Anagwada pasimenti, pamalo pomwe panatayikira phala paja.

"Masabata asanu, ababa. Ndinkadziwa, ndipo ndinkakumwetsanibe m'mawa ndi madzulo. Tsiku lija munagwira pachifuwa, ndine ndinakusinthirani piritsi osakuuzani. Amayi, munandifunsa kuseri kuja, ine ndinapukusa mutu. Ndinanama. Ndinkaopa kuti mundiseka ndikalakwitsa, ndiponso ndinkaopa kuti mundida ndikalondola. Dzanja limene mumalifuna lija, azakhali, si la amayi. Ndi ili."